Combo ca Thanga pa Nyanja Yathu

Ife a ku Maniamba timakhala pamtunda. Koma tikamatsika phiri kupita ku Metangula nyanja imaonekera patali, ndipo nthawi zina timaona kanthu koyera kakuyenda pamadzi popanda phokoso. Limenelo ndi thanga, ndipo pansi pake pali combo ca matabwa.

Combo si bwato ai. Bwato ndi lathu lakale, timalisema pa mtengo umodzi. Combo amacikhoma ndi matabwa ambiri pa nthiti za mitengo, naimika mlongoti waufupi. Aswahili amacichula kuti dau. Luso limeneli linacokera ku nyanja ya mcere, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo silinabwere ndi mtendere.

M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdullah, anakhazikika ku Nkhotakota, tsidya lija la nyanja. Iye ndi amene analowa m'malo mwake ankachedwa Jumbe. Malonda ao anali minyanga ya njobvu ndi anthu. Kuti katundu wotere afike ku Kilwa anayenera kuoloka nyanja, ndipo bwato linali laling'ono. Motero anayamba kukhoma zombo.

Mu 1863 David Livingstone anafika ku Nkhotakota napeza Juma bin Saidi akukhoma combo catsopano, cifukwa cakale cinali citasweka. Anaciyesa nalemba: m'litali mamita 15, m'lifupi pafupifupi mamita 4. Taganizani, anzathu, anthu angati angapanikizidwe m'menemo atamangidwa. Zombo zimenezi zinkakoceza tsidya lathu lino, pa dooko la Losewa. Kucokera apo akapolo ankayenda pansi, kudzera ku Mwembe kwa Mataka, mpaka ku gombe la nyanja ya mcere. Kazembe wa Angelezi ku Zanzibar, Rigby, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ocokera ku dziko la Nyasa ankadutsa pa Zanzibar caka ciri conse.

Mu Ogasiti 1866 Livingstone anatsikira ku gombe lathu, akucokera kwa Mataka. Anafuna kuoloka pa combo, koma eni zombo anamzemba, popeza ankadziwa kuti iye amadana ndi malonda ao. Anazungulira nyanja yonse ca kumwera ndi miyendo.

Pambuyo pake kunabwera sitima za moto. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja mu 1875. Amishoni a ku Likoma anayamba kuyenda ndi Charles Janson mu 1885. Angelezi anamenyana ndi mfumu Makanjira, amene anali ndi zombo zake, ndipo mu Disembala 1891 Kaputeni Maguire anaphedwa pamene anapita kukaononga zombo ziwiri za mfumuyo. Pofika 1895 mphamvu ya Makanjira inatha, ndipo zombo zinaleka kuolotsa akapolo.

Munthu akanaganiza kuti combo cathera pomwepo. Koma Charles Janson kulibenso lero, pamene thanga likuyendabe pakati pa Cobué ndi Likoma. Cifukwa cake nciani?

Tiyang'ane nyanja yathu. Ndi yaitali kucokera kumwera kupita kumpoto, ndipo mphepo zake zazikulu zimatsata utali womwewo. Mwera amaomba m'miyezi yozizira, mpoto m'nyengo ya mvula. Munthu wooloka kucokera kum'mawa kupita kumadzulo amailandira mphepoyo m'nthiti, popita ndi pobwerera pomwe. Thanga la combo limakonda mphepo yotere. Limapacikidwa pa mtanda wautali wopendekeka, nsonga imodzi kumwamba, ina pansi ca kutsogolo. Mphepo ya m'nthiti kapena ya kumbuyo ikalidzaza, combo cimathamanga ngakhale cidzale ndi katundu. Pamene cimalephera ndi polimbana ndi mphepo ya kutsogolo. Kutembenuka nakonso ndi nchito, cifukwa amalinyero ayenera kuzungulitsa mtanda wonsewo kuseri kwa mlongoti, ndipo munthu mmodzi waulesi angathe kugwetsa anzake onse m'madzi.

Cina ndi ici: combo cimakhomedwa pa mcenga, pansi pa mtengo. Sicifuna fakitale. Thabwa likaola amacotsa lomwelo, naika lina. Mipata amaitseka ndi thonje. Thanga likang'ambika amalisoka, ndipo matanga ambiri amene timaona lero ndi matumba a ufa ndi a feteleza olumikizidwa. Si okongola pafupi, koma mphepo sifunsa za kukongola. Sitima ya moto ikathyoka citsulo imadikira cina cocokera kutali. Anthu a m'mbali mwa nyanja anaona zimenezi, natenga combo ca ogula anthu kucisandutsa cao. Cinayamba kunyamula nkhuni, cimanga, cinangwa ndi usipa. Likoma ndi cilumba ca mitengo yocepa, ndipo nkhuni zake zambiri zakhala zikucokera tsidya lathu. M'nkhondo imene inayamba mu 1964, ndiponso m'nkhondo ya m'ma 1980, mabanja ambiri a kuno anathawira ku Likoma podzera pamadzi pomwepo.

Thanga limaphanso, tisabise. Mu Sepitembala 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pobwerera ku Likoma, pamene namondwe anagubuduza boti la thanga la amishoni, lochedwa Sherriff. Limenelo silinali dau, linali boti la cizungu, koma namondwe sasankha. Mwera akakwiya mafunde a nyanja yathu amakula msanga, ndipo combo codzaza kwambiri sicicedwa kumwa madzi. Ife amene timangokwera tili ndi ufulu wokana kulowa m'combo cimene m'mphepete mwake mwatsala pang'ono kukhudza madzi.

Ngakhale zili conco, alipo anthu amene thanga linawalowa m'magazi. Si kuno kokha. Ku America munthu wina, Hobie Alter, anapanga kaboti ka mabwato awiri olumikizidwa, kochedwa Hobie 16, ndipo timaboti totere tapangidwa toposa 100,000. Eni ake ali ndi mabungwe ao m'maiko ambiri, ndipo ena sangakwere boti la mtundu wina. Timaboti timeneti tinafikanso pa nyanja yathu, m'mpikisano wa masiku angapo umene unayamba ku Malawi mu 1984. Koma iwo amakonda thanga cifukwa ca masewera. Amalinyero athu amalikonda cifukwa ndilo khasu lao.

Mukakhala nao pa gombe madzulo mudzamva mikangano yosatha. Wina akuti mlongoti wa mnzake waima mowongoka kwambiri. Wina akuti combo ca uje ndi cotakata ngati licero, sicingathamange. Amazindikira combo ciri conse cikali kutali, poona zigamba za thanga lake. Mwini injini amawaseka kuti amafika mocedwa. Iwo amangomfunsa mtengo wa mafuta, ndi kuti injini ikazima pakati pa nyanja adzapalasa ndi ciani.

Pa mkangano umenewu ife sitinama: wodwala wofuna cipatala msanga timkweze pa injini. Koma matumba a cimanga cathu ca ku Maniamba alibe cangu. Angathe kugona pa mcenga usiku umodzi, kudikira kuti mphepo itembenuke.