Magomero: Mudzi wa m'Mbali mwa Namadzi

Magomero ndi mudzi umene uli kumpoto kwa boma la Chiradzulu, kufupi ndi malire a Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi umene madzi ake amakathera ku nyanja ya Chilwa. Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, lapakatikati pa Zomba, Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, koma anthu ndi othithikana: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000. Dzina la bomali linachokera ku phiri la Chiradzulu, limene limaonekera patali munthu akamayenda pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba. Mbiri ya Magomero yagona pa nthaka ndi pa funso loti wolima ndani, wodya ndani.

Eni dera akale anali Amang'anja, alimi a mapira ndi thonje, odziwanso kusula zitsulo. Mu Julaye 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anafika ndi David Livingstone, atamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame. Mfumu Chigunda inawapatsa malo pamene mtsinje unakhota ndi kuzinga mtunda mbali zitatu, ndipo iwo anatseka mbali yotsalayo ndi mpanda wa mitengo. Omasulidwa aja, ambiri amayi ndi ana, ndiwo anali anthu oyamba a mishoniyo.

Zinthu sizinayende. Amishoni analowerera nkhondo ya Amang'anja ndi Ayao, chakudya chinachepa, kamwazi anavuta. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pa mathiriro a Ruo mu Shire, ndipo mnzake Henry Burrup anatsikira kuli chete patangopita masabata ochepa, naikidwa pa Magomero pomwepo. Chaka chomwecho otsala anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa, njala yaikulu ili pakhomo.

Patapita zaka makumi atatu, dera lonselo, maekala oposa 150,000, linagwa m'manja mwa Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Woyang'anira esitetiyo anali William Jervis Livingstone. Khofi atakanika anadzala thonje, kenako fodya. Antchito ambiri anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Popeza analibe malo awoawo, ankalipira pokhala ndi thukuta lawo, ndiye thangata ameneyo. Mwezi wa thangata unkatalika monga mwini munda wafunira, ndipo unkagwa nthawi ya dzinja, pamene munthu amayenera kupalira munda wake. Amayi amasiye nawonso sankasiyidwa.

Chapafupi, ku Mbombwe, M'busa John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Matchalitchi audzu amene akhristu ake ankamanga m'dera la esiteti ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe analowa m'nyumba ya W. J. Livingstone, namupha ndi kumudula mutu. Anaphanso azungu ena awiri a pa esitetiyo, koma akazi ndi ana sanawapweteke. Boma la atsamunda linabwezera mwankhanza: linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, linanyonga ndi kuwombera anthu ambiri, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale.

Thangata sanathe pomwepo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linayamba kugula zigawo za esiteti ndi kukhazikapo anthu, ndipo mchitidwewu unathetsedwa ufulu wa 1964 uli pafupi. Lero adzukulu a anthu a thangata amalima chimanga, nandolo ndi chinangwa pa timinda tating'ono, pakuti malo ndi ochepabe. Pa Magomero pali koleji ya boma yophunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi, ndipo mbiri ya mudziwu inalembedwa m'buku la Landeg White la mu 1987. Dziko la Malawi limakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse.