Kumigodi kapena Lusaka: mkangano wa mpira womwe sukalamba

Loweruka masana ku Kaunda Square, kaya ku Stage 1 kaya ku Stage 2, mometera tsitsi ndi m'mabala simusowa anthu ovala malaya ofiira a Nkana kapena achikasu a Power Dynamos. Ambiri mwa iwo ku Kitwe anachokako kalekale, ena sanakuponde n'komwe, chikondi cha timuyo anachilandira kwa atate awo. Akangokumana ndi wa Zanaco kapena wa Green Buffaloes funso limakhala lomwe lija: mpira weniweni uli kuti, kumigodi kapena kuno ku Lusaka?

Mkanganowu unabadwa pamodzi ndi ligi. Pamene ligi ya dziko lonse inayamba mu 1962, dziko likadali Northern Rhodesia, chikho choyamba chinapita ku Luanshya kwa Roan United. Chaka chotsatira chinapita ku Mufulira Wanderers. City of Lusaka, Yamoto ya ku Woodlands, inachitenga mu 1964, chaka cha ufulu, ndipo mpaka lero sinachionenso. Zinali zosadabwitsa. Makampani a migodi ndiwo anali ndi mabwalo abwino, ndiwo ankalemba ntchito anyamata odziwa mpira, kuwapatsa nyumba ndi nthawi yokonzekera masewera. Mufulira ya Samuel "Zoom" Ndhlovu inatenga ligi zaka 3 zotsatizana, kuyambira 1965 mpaka 1967.

Apa mpamene a ku Lusaka amachita kaukathyali. Amati tisanene Lusaka, tinene Midlands. Akatero Kabwe Warriors, timu ya kampani ya njanji, imalowa m'khola mwawo pamodzi ndi zikho zake za 1968, 1970, 1971 ndi 1972, komanso Godfrey Chitalu ndi zigoli zake 107 za mu 1972. Anthu a ku Kabwe eniake sanafunsidwepo ngati akufuna kuwerengedwa choncho.

Lusaka yeniyeni inadzuka ndi asilikali. Green Buffaloes, yomwe poyamba inkatchedwa Zambia Army, inatenga ligi ka 6 pakati pa 1973 ndi 1981. Kenaka kunagwa chilala. Kuyambira 1982 mpaka 2001, zaka 20 zathunthu, palibe timu ya mumzinda wa Lusaka yomwe inakhudza chikho cha ligi. Mu 1982 momwemo migodi inaphatikizidwa kukhala ZCCM, ndipo Nkana inatenga chikho chake choyamba. Pofika 2001 inali nazo 11. Mu 1990 Nkana, yodziwikanso kuti Kalampa, inafika mu fainolo ya chikho cha akatswiri a mu Africa n'kugonja pamapenate kwa JS Kabylie ya ku Algeria. Chaka chotsatira Power Dynamos inagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria n'kubweretsa kwawo chikho cha African Cup Winners' Cup. Wa Nkana akafika pamenepa pokamba, amapumira kaye n'kuyang'ana anzake mmodzimmodzi.

Koma migodi itagulitsidwa, ntchito yomwe inatha mu 2000, eni atsopano sanaone mpira ngati udindo wawo monga inkachitira ZCCM. Osewera anatsata malipiro. Zanaco, timu ya banki, inatenga ligi mu 2002 ndi 2003, Red Arrows ya asilikali a ndege mu 2004, Zanaco kachiwiri mu 2005 ndi 2006. Amene anabwezera chikho ku Copperbelt mu 2007 anali ZESCO United ya ku Ndola, ndipo ndalama zake si za mkuwa koma za magetsi, kampani yake likulu lili ku Lusaka konkuno. Mfundo imeneyi a kumigodi saikonda. Ine ndimaona kuti mbiri yonseyi ikaikidwa pamodzi, chikho chakhala chikutsata thumba la wolipira osewera kuposa dera limene timu imagona: migodi, njanji, asilikali, banki, magetsi.

Vuto la kuyeza mphamvu za magulu a matimu si la Zambia yokha. Ku America, mpira wawo wa m'makoleji uli m'magulu monga SEC ndi Big Ten, matimu ake ndi ochuluka moti sangakumane onse, choncho kuyambira 2014 komiti ndiyo imasankha olowa m'ndime yomaliza. Mu 2023 Florida State inapambana masewera ake onse 13 koma inasiyidwa, malo ake n'kupatsidwa Alabama ya mu SEC yomwe inali itagonjapo kamodzi. Ife tili ndi mwayi woti aliyense amakumana ndi aliyense, kwawo ndi koyenda. Koma nafenso tinalawako zawozo. Mu 2019, pofuna kuti kalendala ifanane ndi ya CAF, bungwe la mpira mu Africa, FAZ, yoyendetsa mpira m'dziko muno, inagawa ligi m'magulu awiri a matimu 10, opambana m'gulu lililonse n'kukumana mu fainolo. ZESCO United inagonjetsa Green Eagles pamapenate. Green Eagles ndi ya ku Choma, kumwera, kotero tsiku limenelo a ku Lusaka analibe wawo woti amuimbire.

Nanga tiyeze ndi chiyani? Tikawerenga zikho za ligi, Nkana ili ndi 13, Mufulira Wanderers 9, ZESCO United 9, pamene Zanaco, mtsogoleri wa Lusaka, ili ndi 7. Tikayang'ana kunja kwa malire, komwe kulibe zoti woimbira anakondera akwawo, kusiyana kumakula. ZESCO inafika mu semifainolo ya CAF Champions League mu 2016, n'kutulutsidwa ndi Mamelodi Sundowns yomwe inadzatenga chikhocho. Zanaco inafika mu kotafainolo ya Confederation Cup mu 2020 n'kugwa kwa Pyramids ya ku Egypt. Pamuyeso uwu Copperbelt ili patsogolo, ndipo wokana akungokana.

Chomwe a ku Lusaka agwiritsa masiku ano ndi Red Arrows. Inatenga ligi mu 2022 ndi 2024, ndipo mu 2024 momwemo, itaitanidwa ngati mlendo ku Dar es Salaam, inatenga Kagame Cup pogonjetsa APR ya ku Rwanda pamapenate. A kumigodi amati chimenecho ndi chikho cha eni ake a kum'mawa kwa Africa, sichilowa m'kaundula. Power Dynamos nayo inatenga ligi mu 2023 ndi 2025, ndiye kuti m'zaka 4 zimenezi chikho chakhala chikusinthana pakati pa bwalo la Red Arrows la Nkoloma ndi la Power Dynamos la Arthur Davies, 2 uku 2 uko.