Batani la Sport ndi mwendo wakumanzere

Pa chuthi ca August caka catha, ine ndi mng'ono wanga tinanyamuka ku Chipata kupita kumudzi kwathu ku Vubwi. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale m'tauni, ndipo motoka ndilibe. Iye anali atangogula yake, imodzi mwa zija zobwera ku Japan zitagwirako kale nchito, yofupika msinkhu, yosintha yokha magiya. Titalowa mu mseu wafumbi anandiyang'ana akumwetulira nati, "Akulu, gwirani mpando muone." Anadina kabatani kolembedwa Sport. Injini inakweza mawu, motoka inalumpha, ndipo pa kona yoyamba ya timiyala kumbuyo kwake kunaterereka mpaka tinakaima titayang'ana kumene tinacokera. Palibe amene anavulala. Koma amayi ena amene anasenza nkhuni m'mbali mwa mseu anaponya mtolo wawo pansi n'kuthawira m'chire.

Usiku tinawafotokozera amalume, amene anayendetsa malole zaka zambiri pakati pa Lusaka ndi Chipata. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, motoka yako ili ndi zopondera zingati?" Iye anati ziwiri. "Nanga nchito ya mwendo wakumanzere anaitenga ndani?" Mnyamata anasowa coyankha, inenso kukamwa kunauma. Kuyambira tsiku lija ndakhala ndikufufuza funso limeneli, ndipo ndapeza kuti yankho lake lili mu mbiri ya zaka zoposa 130.

Tiyambe ndi kilachi, cifukwa ndiyo inali nchito ya mwendo uja. Injini ikaliza imazungulira osaleka, pamene mawilo amafunika kuima, kunyamuka ndi kusintha liwiro. Kilachi ndi cimbale cimene cimalumikiza injini ndi bokosi la magiya, n'kuzilekanitsanso. Ikagwira kotheratu siidyeka, ikalekana kotheratu siidyekanso. Imatha pa kanthawi kaja ili pakatikati, pamene zimbale zikupekesana ndi kutentha. Gwirani mfundo imeneyi, tidzaifunanso kutsogolo.

Magiya nawo anabadwa cifukwa ca zitunda. Mu August 1888, Bertha Benz anatenga motoka yopangidwa ndi mwamuna wake Karl Benz, nanyamuka ndi ana ake awiri aamuna kucoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim m'dziko la Germany, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Pa zitunda zina motoka inalephera, anyamata n'kutsika kukankha. Atabwerako anauza mwamuna wake kuti pakufunika giya ina yokwerera mapiri. M'zaka za m'ma 1890, kampani ya ku France ya Panhard et Levassor inayala dongosolo limene dziko lonse linadzatengera: injini kutsogolo, kenako kilachi, kenako magiya, mphamvu n'kupita ku mawilo akumbuyo.

Magiya oyambirirawo anali aukali. Mano a zitsulo ankafunika kukumana akuzungulira pa liwiro lofanana, apo ayi bokosi linkakukuta mpaka mudzi wonse kumva. Amalume anaphunzirira pa lole ya mtundu umenewu. Anationetsa ali pa mpando wa ndalema, mwendo uli m'mwamba: ponda kilachi, cotsa giya, siya kilachi, ponda mafuta pang'ono, pondanso kilachi, lowetsa giya. Zonsezi pa kusintha kumodzi, khutu lili ku injini. Mu 1928 kampani ya Cadillac ku America inabweretsa timphete tofananitsa liwiro la mano asanakumane, ndipo kuponda kawiri kunayamba kutha m'motoka zazing'ono. Kumapeto kwa 1939, Oldsmobile inayamba kugulitsa motoka za bokosi lochedwa Hydra-Matic, losintha lokha magiya. Copondera cacitatu cinasowa, mwendo wakumanzere n'kupuma.

Kwa zaka zambiri okonda liwiro ankazinyoza motoka zotere, amvekere n'zaulesi. Maganizo anasinthira ku mipikisano. Mu 1989 Nigel Mansell anapambana mpikisano wa Formula One ku Brazil pa Ferrari imene magiya ake ankasinthidwa ndi zala, kuseri kwa ciwongolero. Porsche inali itayesa kale bokosi la makilachi awiri m'mipikisano ya m'ma 1980, ndipo mu 2003 Volkswagen inaliika mu Golf R32 yogulitsa kwa aliyense. Kilachi imodzi imagwira giya 1, 3 ndi 5, inzake 2, 4 ndi 6, moti ina ikamasiya inzake yagwira kale. Makina anayamba kusintha giya mwacangu kuposa munthu aliyense. Ndiye yankho la funso la amalume ndi ili: nchito ya mwendo wakumanzere inatengedwa ndi kompyuta. Kilachi siinacoke m'motoka, inangobisika.

Kwathu kuno zinafika mocedwa koma mwamphamvu. Boma litasintha mu 1991 ndi malonda kumasuka, motoka za ku Japan zinayamba kulowa zambiri, zina kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Zinatiyenera cifukwa ku Japan nakonso amayenda kumanzere kwa mseu, ndipo zambiri zinali zosintha zokha magiya. Amene munakwerapo Toyota zakale monga Mark II mwina munaona kabatani kolembedwa ECT PWR pafupi ndi giya. Ameneyo ndi mkulu wake wa Sport. Vubwi atapatulidwa ku Chadiza n'kukhala boma palokha mu 2012, caka cimene Sinda nayenso anakhala boma, anchito a m'maofesi anabwera ndi motoka zawo. Motoka zopangidwira tala wosalala zinayamba kuyenda m'miseu ya kumidzi ya miyala ndi zitunda.

Kodi batani limeneli limacita ciani? M'motoka zambiri siliwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Limangosintha malamulo amene kompyuta ikutsata. Ukakhudza copondera mafuta pang'ono, injini imayankha ngati waponda kwambiri. Bokosi limacedwa kukweza giya kuti injini izungulire pamwamba, ndipo limafulumira kutsitsa giya ukaponda buleki. M'motoka zina ciwongolero cimalemera, ndipo m'zodula mashoko amauma kuti thupi lisapendame pa kona. Palinso mlonda wina amene Mercedes-Benz ndi Bosch anayamba kuika m'motoka mu 1995. Akaona motoka yayamba kuterereka, amagwira buleki ya wilo limodzi kuti iwongoke. M'motoka zina Sport imauza mlonda ameneyu kuti ayambe wadikira.

Pa tala wouma zonsezi n'zokoma. Pa timiyala n'zina. Matayala amagwira pang'ono, ndiye mphamvu ikabwera mwadzidzidzi amangozungulira pamwamba pa miyala. Pa mseu wa mizeremizere ngati malata, mashoko ouma amadumphitsa mawilo, ndipo wilo lili m'mwamba silikhota, siliima. Mng'ono wanga anapempha motoka kuti iyankhe msanga pa malo amene ankafunika kuiyendetsa monyengerera.

Nanga kilachi? Anyamata a pa siteshoni amati Sport imadya kilachi, ena amati n'bodza. Onse ali ndi mbali. Kumbukirani kuti kilachi imatha ikamapekesana. Kusintha giya mwacangu kumafupikitsa nthawi yopekesanayo, conco batani palokha si mdani wamkulu. Mdani ndi zimene dalaivala amacita akalidina: kunyamuka mwaukali pa maloboti aliwonse, injini ikulira pamwamba, zimbale n'kulandira mphamvu yonse nthawi imodzi. Koma pali cina cimene cimadya kilachi mwakacetecete ngakhale batani lisanadinidwe. M'motoka ya makilachi awiri, kukwawa pang'onopang'ono mumzere wa pa Cairo Road, kapena kuigwira pa citunda ndi mafuta m'malo mwa buleki, kumasiya zimbale zili pakatikati mpaka kupsa. M'bokosi la mtundu wakale, mphamvu ya injini imadutsa m'mafuta, ndipo timakilachi ta mkati timasamba m'mafuta omwewo. Kumeneko coopsa ndi kutentha ndi mafuta okalamba amene mwini wake sanasinthepo cigulireni. M'motoka ya zopondera zitatu, batani silikhudza kilachi n'komwe. Imatha ndi phazi limene limagona pa copondera ulendo wonse.

Sindikunena kuti batanili n'lopanda nchito. Ukafuna kupitirira lole pa tala pakati pa Katete ndi Sinda, kutsogolo kukuoneka bwino, limakupatsa giya yoyenera msanga, n'kucepetsa nthawi imene uli kumbali ya anzako. Potsetsereka mapiri a pafupi ndi mlatho wa Luangwa, kugwira giya yotsika kumalola injini kubweza motoka kuti mabuleki asatenthe. Amalume atamva zimenezi anaseka, nati iwo ankatsika mapiri omwewo pa giya imene anakwerera, kalekale batani lisanabadwe. Nzeru ndi yomweyo imene Bertha Benz anabwera nayo kucokera ku Pforzheim. Kusiyana kwake n'kwakuti amalume anaiphunzira zaka ziwiri ali kondakitala wa lole asanaloledwe kugwira ciwongolero, pamene mng'ono wanga anailandira pa doko pamodzi ndi makiyi, popanda womuuza nthawi yake.

M'mawa mwake amalume anavala jekete, nakhala kutsogolo, nauza mphwawo kuti azimitse wailesi. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akumufunsa pa citunda ciliconse kuti motoka ili mu giya iti, iye n'kumayankha pomvera injini. Poyamba ankalakwa. Pofika pa kona ija anali atayamba kulasa. Amalume anafunsa ana amene anali kudyetsa mbuzi za amayi a mtolo wa nkhuni, ndipo anatilozera nyumba ya maudzu kuseri kwa mitengo ya mango. Mng'ono wanga anatsika, navula kapusi, nakagwada pakhomo kupepesa. Amayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, mseu uno timayendamo ndi ana kumbuyo." Pobwerera ku Chipata sanalikhudze batani lija mpaka titaponda tala.