Kodi chilankhulo cha kompyuta chikufunikadi ma algebraic effect?

Wolemba mapulogalamu aliyense amaidziwa exception. Chinthu chikalakwika, pulogalamu imasiyira pomwepo n'kulumphira kumene kuli malangizo othana ndi vutolo, osabwereranso. Effect imanyamuka chimodzimodzi, koma iyo imatha kubwerera.

Function ikafuna chinthu chimene singachipeze yokha, monga yankho lochokera pa intaneti, imachita perform, ndiko kupempha. Pempholo limakwera mpaka likapeze handler yapafupi. Handler imalandira pempholo pamodzi ndi continuation, yomwe ndi ntchito yonse yotsala kuyambira pamene function inaimira. Ikapereka yankho, ntchito ija imapitirira. Zili ngati wophika ndiwo amene wafuula kuti "mchere!" chipande chili m'manja. Sasamala kuti abweretse ndani, ndipo mphika sausiya.

Masamu a ma effect anawayala Gordon Plotkin ndi John Power kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mu 2009 Plotkin ndi Matija Pretnar anawonjezera ma handler.

Chimene chimakokera anthu ambiri ku ma effect ndi kutopa ndi async/await, yomwe inalowa mu Python mu 2015 ndi mu JavaScript mu 2017. Function imodzi ikakhala async, zoiitana nazo zimayenera kusinthidwa, ndipo kusinthako kumafalikira pulogalamu yonse. OCaml 5.0 itatuluka mu Disembala 2022 ili ndi ma effect, laibulale ngati Eio inatha kuyendetsa ntchito zambiri nthawi imodzi pogwiritsa ntchito ma function wamba.

Komabe apa m'pamene ndimakayikira. Mu OCaml, type ya function sinena kuti ipempha chiyani. Ukaiwala handler, compiler sikuchenjeza, ndipo vuto limaonekera pulogalamu ikuyenda kale, mwina m'manja mwa kasitomala. Koka, chilankhulo cha Daan Leijen wa ku Microsoft Research, imalemba effect iliyonse mu type, choncho wowerenga amaoneratu ngati function ingalembe pa sikirini kapena kuponya exception. Kwa ine phindu lenileni lili pamenepa.

Ngati vuto ndi kudikira kokha, pali njira yachidule. Java 21 inabweretsa ma virtual thread mu 2023 popanda kuphunzitsa anthu mawu atsopano. Chilankhulo chimene chingapindule ndi ma effect ndi chomwe exception, generator ndi async zili ndi malamulo akeake, ndipo ochipanga ali okonzeka kuzimanga zonsezi pa maziko amodzi, compiler n'kumaona kuti pempho lililonse lili ndi woliyankha.