Mafunso ndi Mayankho: Sizasi ya Lucien Hervé

Funso: M'mabuku a zomangamanga mumapezeka zithunzi zosaonetsa nyumba yonse, koma kangodya chabe, masitepe, kapena mthunzi wakuda bii wodula khoma pakati. Kajambulidwe aka kadayamba ndi yani?

Yankho: Palibe angadzigugude pachifuwa kuti adakayambitsa yekha, pakuti ojambula a ku Germany ndi ku Russia ankasewera kale ndi mithunzi ndi ngodya m'zaka za m'ma 1920. Koma mmodzi mwa amene adakakhazikitsa pojambula nyumba ndi Lucien Hervé, mlendo wa ku Hungary amene adakakhala ku Paris.

Adabadwa mu 1910 m'tauni ya Hódmezővásárhely, m'banja lachiyuda, ndipo dzina lake lobadwa nalo lidali László Elkán. Adaphunzirako zachuma ku Vienna, n'kufika ku Paris mu 1929. Kumeneko adagwirako ntchito kubanki, kenaka kumakampani osoka zovala zamafasho, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adayamba utolankhani. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka adalowa usilikali wa France, Majeremani adamugwira ku Dunkirk mu 1940, koma chaka chotsatira adathawa n'kulowa gulu lomenya nkhondo mobisa. Dzina loti Lucien Hervé lidali lodzibisira m'gululo, ndipo lidamukanirira mpaka imfa.

Funso: Ndi zoona kuti adaphunzira zolemba mapulani a nyumba, n'chifukwa chake ankadziwa poima?

Yankho: Ayi, ndipo bodza limeneli lifunika kulikwirira lero lomwe. Hervé sadakhaleko mmisiri wa mapulani. Zomwe zidachitika n'zakuti mu December 1949, atalimbikitsidwa ndi wansembe wokonda zaluso Marie-Alain Couturier, adapita ku Marseille kukaona chinyumba chosanja chotchedwa Unité d'Habitation, cha mabanja 337, chomwe mmisiri wa mapulani Le Corbusier ankamanga. Chidali chisanathe, konkire ali pamtunda. Tsiku limodzi lokha Hervé adajambula zithunzi 650. Le Corbusier ataziona adamulembera kuti ali ndi mtima wa mmisiri wa nyumba, n'kumuitana kuti azigwira naye ntchito. Anthu adamva za mtimawo n'kuwonjezapo digiri.

Bodza linzake ndi loti nyumba imajambulika ndi chikamera chachikulu chokha, chija cha miyendo itatu ndi nsalu yakuda yofunda kumutu. Hervé ankayenda ndi Rolleiflex, kamera yonyamula m'manja, yomwe munthu amaisunzumira kumwamba ataigwira pamimba. Filimu yake imodzi imalowa zithunzi 12. Muwerengere nokha: zithunzi 650 ndi mafilimu oposa 50, kuchotsa ndi kuika wina, uku akukwera ndi kutsika pamalo omwe amisiri akuponda matope, dzuwa la December likufulumira kulowa.

Koma chimene wolemba danga lino sachimvetsa n'chakuti anthu amakonda kukamba za kamerayo n'kuiwala sizasi.

Rolleiflex imatulutsa chithunzi chofanana mbali zonse, masentimita 6 mulitali, 6 mulifupi. Nyumba sizikhala choncho. Ina ndi yaitali, ina yotambalala, ina ili ndi khonde lalitali ngati msewu. Ndiye Hervé ankatsuka tizithunzi tating'ono, tolingana ndi filimu yeniyeniyo, n'kutenga sizasi. Thambo likachuluka ankalidula. Msewu ukalowerera, ankaudula. Nthawi zina pa chithunzi chonse ankasiyapo kachidutswa kopyapyala: nsanamira imodzi, mthunzi wake, ndi kamunthu kakudutsa chapatali kosonyeza kukula kwa khomalo. Tizidutswato ankatimata pa makatoni, tingapo pa katoni imodzi, moti diso limayenda kuchoka kunja kwa nyumba, kulowa pakhomo, kukwera masitepe mpaka padenga. Makatoniwo ndiwo ankapita kwa Le Corbusier kuti asankhe zoika m'mabuku ndi m'magazini. Adakwana oposa 1,000, ndipo bungwe la Fondation Le Corbusier ku Paris likuwasunga.

Ojambula ena otchuka a nthawi imeneyo, monga Henri Cartier-Bresson, ankadana n'zodula chithunzi chikajambulidwa. Kwa Hervé kudina batani kudali kugula nsalu chabe, kusoka kudali kwa sizasi, monga achitira telala. Wolemba danga lino akuona kuti Hervé ndiye adalondola pa nkhani ya nyumba. Otsatsa nyumba masiku ano amafinyira denga, mpanda, galimoto ndi mitambo m'chithunzi chimodzi cha pafoni, ndipo wochiona sadziwa ngakhale mmene kuwala kumalowera pazenera. Akadayesa kudula theka, nyumbazo zikadaoneka.

Funso: Adangojambula nyumba za Le Corbusier zokha?

Yankho: Ayi. Adakhala naye mpaka 1965, chaka chomwe Le Corbusier adamwalira, ndipo adafika ku Chandigarh, mzinda watsopano wa ku India, komwe adajambula amayi akusenza konkire pamutu m'munsi mwa makoma a nyumba za boma. Adajambulanso likulu la UNESCO ku Paris likumangidwa m'zaka za m'ma 1950, ntchito za mmisiri Oscar Niemeyer ku Brasília, za Alvar Aalto wa ku Finland, ngakhalenso nyumba yakalekale ya amonke ya Le Thoronet kumwera kwa France, komwe adapeza mwala wosapaka utoto ndi kuwala kolowera pa timazenera, zinthu zomwezo zimene ankazisaka mu konkire.

Chapakati pa zaka za m'ma 1960 adapezeka ndi matenda a multiple sclerosis, omwe amafoola minyewa pang'onopang'ono. Maulendo adachepa, iye n'kutembenukira ku mabuku ndi zionetsero. Adamwalira ku Paris mu June 2007 ali ndi zaka 96. Mu 2016 UNESCO idaika nyumba ya ku Marseille ija ndi nyumba za boma za ku Chandigarh pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse, pamodzi ndi ntchito zina za Le Corbusier, zonse pamodzi 17.