Kuchokera ku mtsuko wa agogo kufika pa cooler box

Anzanga, aliyense amene ananyamukapo mu Mzuzu m'mawa atavala juzi n'kukafika ku Nkhata Bay thukuta lili kamukamu akulidziwa vutoli. Ulendo wake ndi wa makilomita osakwana 50, koma timatsika kuchoka pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kukafika kunyanja, komwe sikufika ndi mamita 500 omwe. Nkhuku yomwe inali bwinobwino ku Katoto imatha kuyamba kafungo dzuwa lisanapendeke. Nkhondo yolimbana ndi kutenthayi sinayambe lero ayi.

Agogo athu anali ndi mtsuko. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amatulukira pang'onopang'ono m'timabowoti, ndipo akamauma ndi mphepo amachotsa kutentha kwa m'kati, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko amakoma ngakhale mu Okutobala.

Kunja, ena anaganiza zonyamula kuzizira kwenikweniko. Mu 1806, Frederic Tudor wa ku Boston, ku America, anayamba kugulitsa ayisi wodulidwa m'madamu oundana ndi chisanu, n'kumutumiza pasitima yapamadzi ku chilumba cha Martinique. Anthu anamuseka, ndipo ngongole zinamulowetsapo m'ndende. Kenako anapeza kuti utuchi umachedwetsa kusungunuka. Mu 1833 anatumiza matani 180 ku Calcutta, ku India. Patatha miyezi inayi panyanja, pafupifupi matani 100 anafika osasungunuka.

Cooler box inabadwa pa nzeru yomweyo ya utuchi. Richard Laramy wa ku Illinois anapatsidwa chiphaso cha bokosi lonyamulika la ayisi mu 1953, ndipo kampani ya Coleman inayamba kugulitsa ake mu 1954. Oyambawo anali achitsulo, apulasitiki anabwera pambuyo. Kwathu kuno bokosili silinabwere ngati la pikiniki chabe. Tayang'anani pa depoti kapena mumsika wa Mzuzu: ndi ofesi ya amayi ndi anyamata ogulitsa madzi ndi mafizesi. Kabokosi konga komweko ndi komwe alangizi a zaumoyo amanyamuliramo katemera popita kumidzi.

Chosangalatsa n'chakuti mbiriyi inabwereranso ku dothi. Mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anafalitsa njira yoika mphika waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati n'kuthirapo mchenga wonyowa, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Tomato ndi masamba zimakhala masiku angapo osafota, popanda magetsi. Analandira nayo mphoto ya Rolex mu 2000.

Apa ndiye pagona nkhani: mtsuko umapanga kuzizira, koma cooler box imangosunga kuzizira komwe waikamo. Ukaikamo mpunga wotentha, yasanduka food warmer basi. Tizilombo totsegula m'mimba timaswana msanga chakudya chikafunda, ndiye bungwe la WHO limati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo chosungidwa chizizire pansi pa madigiri 5.

Choncho ulendo wathu wotsatira wa kunyanja tisachite chibwana. Mabotolo a madzi tiwaumitse mufiriji usiku wonse, amachedwa kusungunuka kusiyana ndi tizidutswa ta ayisi, komanso timamwa akasungunuka. Nyama yaiwisi ikhale pansi, yomangidwa bwino m'pepala la pulasitiki, kutali ndi zophikaphika. Zakumwa zikhale ndi bokosi lake, poti ndi lomwe limatsegulidwa mphindi iliyonse. Bokosi tilidzaze, tiliike pamthunzi, osati pamchenga wotentha, n'kuliphimba ndi chiguduli chonyowa. Chigudulicho ndi nzeru ya agogo ija, ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Amene muli ndi cooler box kunyumba, uzani a komiti msanga. Ndipo mukabwereka ya amayi ya bizinesi, chonde ibwerere yotsuka, chivindikiro chili pomwepo.