Nyumba za asilikali ku Malawi

Nyumba za asilikali ku Malawi ndi nyumba zimene boma limamangira asilikali a Malawi Defence Force ndi mabanja awo. Zambiri zimakhala mkati mwa kampu ya asilikali, imene anthu ambiri amaitchula kuti balakisi, ndipo mbali ya kampu imene kuli nyumba zogonamo imatchedwa malayini. Kampu imayendetsedwa ndi akuluakulu a asilikali, koma malo, madzi, magetsi ndi misewu imene imadalira zili m'manja mwa maunduna a boma, makhonsolo, mafumu ndi makampani a boma. Pa chifukwa ichi, kumanga nyumba za asilikali kumafuna kuti mbali zonsezi zigwirizane pa pulani imodzi.

Mbiri ya makampu

Gulu la asilikali la Malawi linachokera ku King's African Rifles, imene atsamunda a ku Britain anakhazikitsa mu 1902. Kampu yakale kwambiri ndi Cobbe Barracks ya ku Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko. Dzina lake linachokera kwa Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali amene anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1902.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, gulu la asilikali linakula ndipo makampu ena anamangidwa. Kamuzu Barracks ili ku Lilongwe, kumene likulu la dziko linasamukira mu 1975. Moyale Barracks ili ku Mzuzu, ndipo dzina lake ndi lokumbukira nkhondo ya ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a ku Nyasaland analimbana ndi a ku Italy mu 1940. Malo ena a asilikali ndi Chilumba ku Karonga, Mvera ku Dowa, Changalume ku Zomba, sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, ndi Monkey Bay kumene kuli asilikali a panyanja. Dzina loti Malawi Defence Force linalowa m'malo mwa Malawi Army potsatira lamulo la Defence Force Act la 2004.

Kampu ikamamangidwa, nthawi zambiri amaiika kunja kwa tauni. Koma matauni amakula. Mzinda wa Mzuzu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu opitirira 220,000. Lero Moyale Barracks ili mkati mwa dera la khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ndipo mabanja a asilikali amagula m'misika imodzi ndi anthu wamba ndi kuyenda m'misewu imodzi.

Vuto la kuchepa kwa nyumba

Kwa zaka zambiri chiwerengero cha asilikali chakhala chikukwera kuposa cha nyumba za m'makampu. Nyumba zina ndi zakale, ndipo zinamangidwa zing'onozing'ono moti banja lalikulu limapanikizana. Asilikali amene alibe nyumba m'kampu amachita lendi m'madera oyandikana nayo. Izi zimavuta pa ntchito chifukwa msilikali amafunika kupezeka msanga akaitanidwa, usana kapena usiku. Zimakhudzanso anthu wamba, popeza ofuna nyumba za lendi akachuluka mitengo imakwera.

Apolisi, oyang'anira ndende ndi a ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ali ndi vuto lomweli. Boma linakonza ndondomeko yomanga nyumba 10,000 za nthambi zinayi zachitetezozi: 4,000 za asilikali, 4,000 za apolisi, 1,000 za a ndende ndi 1,000 za a ofesi yoona olowa ndi otuluka. Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anakhazikitsa ntchitoyi mu Disembala 2020 ku Ipyana m'boma la Karonga. Gawo loyamba linali la nyumba 1,028, ndipo unduna wa za malo ndi umene unkayang'anira. Ntchitoyi inayenda pang'onopang'ono. Mwa zina, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera kuposa imene makontilakitala anagwirizana ndi boma poyamba.

Malamulo okhudza malo ndi mapulani

Malamulo aakulu a dziko, m'gawo 44, amalola boma kutenga malo a munthu pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yothandiza anthu onse, ngati mwini wake wadziwitsidwa nthawi ikadalipo, ndiponso ngati wapatsidwa chipepeso choyenera. Munthu wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Kumanga kampu kapena nyumba za asilikali pa malo atsopano kumatsata gawoli.

Mu 2016 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, ndipo ena mwa iwo anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la Physical Planning Act linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Kale mapulani ankafunika m'matauni ndi m'madera ochepa osankhidwa, koma lamulo latsopanoli linaika dziko lonse pansi pa mapulani, kuphatikizapo midzi. Lamulo la Customary Land Act linakhazikitsa makomiti oona za malo a makolo. Komiti iliyonse imatsogozedwa ndi gulupu, ndipo mwa mamembala ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu amayenera kukhala amayi. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zomangamanga ziyambe zaunikidwa mmene zingakhudzire chilengedwe ndi anthu a m'deralo. Makhonsolo amatenga mphamvu zawo ku Local Government Act ya 1998.

Mmene ntchito imagawidwira

Asilikali ndi amene amanena zofunika: chiwerengero cha nyumba, kukula kwake malinga ndi maudindo, ndi kutalikirana kwake ndi malo osungirako zida kapena ophunzirirako kuombera. Unduna wa za malo umayeza malowo, kuwerengera chipepeso ndi kujambula pulani. Khonsolo imaona ngati pulaniyo ikugwirizana ndi mapulani a dera lonse, makamaka pa misewu yolowera, ngalande za madzi a mvula, kotayira zinyalala, misika ndi sukulu. Ku boma ntchito imeneyi imadutsa mu ofesi ya DC, ndipo nkhani imafika kwa anthu kudzera m'makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC pamodzi ndi mafumu. Magetsi amalumikiza ndi a ESCOM. M'chigawo cha kumpoto madzi a m'mipopi ndi a Northern Region Water Board, amene ku Mzuzu amatunga ku damu la Lunyangwa.

Mgwirizano umenewu ndi wofunika chifukwa nyumba mazana angapo zikamangidwa pamalo amodzi zimakhala ngati tauni yaing'ono. Ana amafuna malo m'sukulu, odwala amafuna chipatala, ndipo mphamvu ya madzi m'mipopi imachepa ngati thanki sinakulitsidwe. Anthu a malonda nawonso amatsatira, n'kuyamba kumanga maokala ndi nyumba za lendi pafupi ndi geti. Khonsolo ikapanda kugawiratu mapuloti kunja kwa mpanda, pamabadwa mudzi wopanda misewu, ndipo pambuyo pake pamabuka mikangano ya malire pakati pa kampu ndi anthu oyandikana nayo. Kuika miyala ya malire ndi kulembetsa malo a kampu ntchito isanayambe kumachepetsa mikangano yotere.

Chovuta china ndi chinsinsi. Mapulani a tauni amayenera kuonetsedwa kwa anthu kuti apereke maganizo awo, pamene zina za mkati mwa kampu ndi zachitetezo ndipo sizionetsedwa poyera. Mbali ya nyumba zogonamo, misewu ndi mipopi ndi imene khonsolo imafunika kuidziwa bwino, chifukwa ndi imene imalumikizana ndi zinthu za anthu onse.

Dera la m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay

Kampu yaikulu yoyandikana ndi boma la Nkhata Bay ndi Moyale, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma, kudzera mumsewu wa M5 umene umadutsa pa Mpamba. Kumpoto, m'mbali mwa nyanja yomweyo, kuli asilikali a ku Chilumba. Bomali linali ndi anthu pafupifupi 285,000 mu 2018, ndipo limayendetsedwa ndi khonsolo ya boma, osati ya mzinda.

Madera a Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya ali ndi zinthu zimene wokonza pulani ya nyumba zambiri za boma, kaya za asilikali kapena za apolisi, ayenera kuziganizira. Malo ambiri ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu monga Fukamapiri, Malengamzoma, Timbiri ndi M'bwana. Malo a chigwa ndi ochepa chifukwa mapiri amafika pafupi ndi nyanja, ndipo ena mwa malo abwino ali kale ndi maesiteti monga wa labala wa Vizara ndi wa tiyi wa Kawalazi, kapena ndi malo ogona alendo. Mabanja amadalira minda ya chinangwa cha kondowole ndi madooko a asodzi a usipa, kotero chipepeso chimayenera kuwerengera mbewu, mitengo ya zipatso, manda ndi njira zopitira kunyanja, osati nyumba zokha.

Bomali limalandira mvula yambiri kuposa madera ochuluka a m'dziko muno, motero ngalande ndi milatho zimafuna ndalama zambiri. Madzi a nyanja ya Malawi nawonso amakwera zaka zina, monga mu 2024 pamene anamiza nyumba ndi malo ogona alendo m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Ku Chintheche ndi ku Kande kumadutsa msewu wa phula, ndipo ku Chintheche kuli siteshoni ya magetsi ya ESCOM. Ku Usisya msewu ndi wa fumbi ndi wotsetsereka, moti katundu wambiri amayenda panyanja pa sitima ya Ilala kapena m'maboti.

Palinso mbiri. Pa 3 Malichi 1959, tsiku limene boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, asilikali anaombera anthu amene anasonkhana pa doko la Nkhata Bay kufuna kuti anzawo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Anthu osachepera 20 anaphedwa, ndipo chaka chilichonse amakumbukiridwa pa tsiku la anthu ofera dziko. Asilikali a masiku ano amagwira ntchito pansi pa malamulo aakulu a dziko a 1994, amene amawapatsanso udindo wothandiza maofesi a boma pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. M'chigawo cha kumpoto agwiranso ntchito yoteteza nkhalango ya Viphya, imene mbali yake ina ili m'boma la Nkhata Bay.